Bwato Limene Sindinamange

Nkhani iyi sindinauzepo munthu. Mkazi wanga ndinakhala naye nyumba imodzi mpaka tinakamuika m'manda, osaidziwa. Abusa angapo adutsa pa tchalitchi chathu cha ku Thambani, onse ndawapatsa moni ndi manja awiri, koma palibe amene ndinamukhalira pansi kuti ndimuuze. Kulemba ndaphunzira ndili ndi imvi, ku sukulu ya kwacha, ndipo dzanja langa limachedwa. Komabe ndasankha pepala, chifukwa silindiyang'ana kumaso.

Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique kwathu kuno kunadzaza anthu othawa. Ambiri anali a tsidya la malire pompa, olankhula pafupifupi ngati ife. Koma banja limodzi limene linamanga msasa kumunsi kwa munda wanga linali lochokera kutali, kumene Zambezi amathera m'nyanja yamchere. Mwamunayo anabwera kumtunda kudzafuna ntchito ku Tete, nkhondo n'kumutsekera njira yobwerera kwawo. Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, woseka ndi thupi lonse. Ankanditchula kuti shamwali, ndiye kuti bwenzi m'chilankhulo chawo. Ine ndinkati achimwene, ndipo mkazi wake ndinkati alamu. Ana analibe.

Chaka choyamba ndinamubwereka kachigawo ka munda pa mtsetse wa phiri. Iye analima mizere yoongoka bwino, koma yotsika ndi phirilo m'malo mopingasa. Mvula yoyamba inakokolola zonse, mbewu ndi dothi lomwe, n'kukaziunjika pakhomo pa msasa wake.

"Achimwene, mwabzala kumtunda, mwakolola pakhomo," ndinatero. "Ulimi wa kunyanja ndi umenewu?"

"Sekani, shamwali, sekani," anayankha akupukuta matope m'miyendo. "Tsiku lina mudzafika kwathu. Tidzaone ngati mbuzi ya kuphiri imadziwa madzi."

Ndinamuphunzitsa kupingasa mizere. Ndinamuphunzitsanso kuotcha makala, imene inali ntchito yanga yachilimwe. Tikamasanja mitengo pa uvuni ankandiuza za kwawo, kuti kumeneko madzi amachoka okha n'kubwereranso okha, kawiri pa tsiku, popanda mvula.

"Amapita kuti?"

"Amakayenda."

"Pobwera amakutengerani chiyani, shuga?"

Ndinkangoti ndi nkhani za munthu amene wasowa kwawo. Ine madzi amene ndinkawadziwa ndi a mtsinje wa Mwanza. Amayenda njira imodzi, amadzaza mvula ikagwa, ndipo akaphwa aphwa mpaka chaka chamawa.

Nkhondo itatha anamanga katundu. Iye sanandipemphe, anangonena. "Tiyeni, shamwali. Mwandidyetsa zaka zonsezi, abale anga akakuoneni nkhope." Mkazi wanga anati ndipite, ndikabwere ndi mchere ndi nsomba zouma. Tinayenda masiku ambiri, pa lole, wapansi, kenako pa boti lalikulu lotsika ndi Zambezi. Mapiri anatsalira m'mbuyo mpaka dziko linangoti see, ngati mphasa. Ine, amene ndinabadwira pamalo oti ukatuluka m'nyumba umakwera kapena kutsika, ndinkamva ngati ndavula.

Mudzi wawo unali pa mchenga, pakati pa mitengo ya kokonati. Anamulandira ndi kulira, poti ankayesa kuti anafa kalekale. Makolo ake anali atamwalira, nyumba yake itagwa. Amene anatsala wamkulu anali amalume ake, nkhalamba yoonda ya maso ofiira ndi dzuwa, imene inkakhala pansi pa mtengo n'kumapota zingwe za makoko a kokonati pantchafu. Atamva kuti ine ndi amene ndinapatsa mwana wa mlongo wawo munda, anandigwira dzanja nthawi yaitali. Anandiphera bakha. Kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse unkanditchula kuti mwini munda.

Kuseri kwa mudziwo kunali nkhalango imene sindinaionenso kwina. Iwo ankaitcha mangali. Mitengo yake imamera m'matope a madzi amchere. Ina mizu yake imatuluka pamwamba pa thunthu n'kutsikira pansi ngati miyendo ya kangaude, ina mizu yake imatumphuka m'matope yoloza kumwamba ngati misomali. Pakati pake pamadutsa timitsinje tokhotakhota, tonse tofanana. Ulendo woyamba kulowamo ndinagwira m'mbali mwa bwato mpaka zala zinachita dzanzi. Bwatolo linali losema pa mtengo umodzi, ndipo ukayetsemula linkapendekeka.

"Khalani ngati thumba la chimanga, shamwali," ankatero akupalasa. "Thumba siliganiza."

Ndipo ndinaona ndi maso anga kuti sankanama. M'mawa tinkadutsa pamadzi oti munthu sangaponde pansi, masana pamalo omwewo n'kukhala matope okhaokha, tinkhanu tikuthamangapo, tinsomba tina tikuyenda ndi zipsepse ngati tili ndi miyendo. Ndinaziona. Ndilembe bwinobwino pamenepa, kuti wina asadzanene kuti sindinkadziwa. Ndinaziona kangapo. Koma maso anaona, mtima sunavomere.

Anthu aja anali ndi malamulo awo a m'mangali. Polowa, wopalasa ankawaza ufa pang'ono pamadzi n'kunong'ona mawu opempha njira kwa amene anatsalira mmenemo. Mkati sunkaloledwa kuitana munthu dzina. Nditafunsa chifukwa, alamu anandiyankha osaseka. "Muno ukaitana dzina, sudziwa amene ayankhe."

Choncho ankaitanana pogogoda bwato. Ntchito yogwira nkhanu inali yotere. Unkalowa madzi akuchoka, n'kusiya bwato pa kamtsinje. Ogwira nkhanu ankalowa mkati wapansi, matope m'mawondo, kukapisa m'mauna ndi chitsulo chokowera. Mkatimo sungaone madzi akubwera, chifukwa amadzera kumbuyo, m'timakwalala, n'kukutsekera njira usanadziwe. Ndiye munthu mmodzi ankatsala pa bwato. Ankazika kamtengo m'matope kumunsi, ndipo madzi akangokhudza kamtengoko ankagogoda bwato ndi nkhafi mwamphamvu, osaleka mpaka anzake atulukire. Lamulo lina linali lakuti bwato limangidwe nthawi zonse, chingwe chachitali, pa nthambi yapamwamba, ngakhale lili pouma. Ntchito yotsala pa bwato inali ya amalume aja.

Tsiku lina amalume anadzuka ndi malungo. Tinapita atatu: mnzanga uja, alamu ndi ine. Tinanyamuka mochedwa, madzi atapita kale, moti chakumapeto tinachita kulikoka bwatolo pamatope. Iye anazika kamtengo kaja yekha, n'kubwerera akuthamangira.

"Shamwali, ntchito yanu ndi ya nkhalamba, musaope. Mangani bwato, khalani pansi, yang'anani kamtengo. Madzi akakanyambita, menyani. Mwamva?"

"Ndamva, achimwene."

"Mangani pamwamba. Osati ngati mukumanga mbuzi yanu ija."

"Pitani inu, nkhanu zikuthawani."

Alamu anaseka atasenza dengu. "Musagone, alamu. Mukagona tikuphikirani zigoba zokha." Kenako analowa pakati pa mizu, iye patsogolo, mkazi pambuyo. Ndinamva matope akulira m'mapazi mwawo kwa kanthawi, kenako zii.

Chingwe chinali kutsogolo kwa bwato, chokulungidwa bwino mmene iye ankachikulungira, pansi pa chiguduli chimene ankakhalira. Ndinayang'ana pamenepo. Ndinayang'ana bwato. Linali litamira mimba m'matope, lolemera moti atatu tinatuluka nalo thukuta polikoka. Madzi sankaoneka n'komwe. Nthambi yoyenera inali patali pang'ono, pamatope ozama. Ndinati ndipume kaye, ndimanga. Mumtima ndinkaona ngati kumanga bwato lili pouma kuli ngati kumanga mwala.

M'mangali masana simukhala chete. Matope amathetheka ngati phala likuwira, ndipo fungo lake ndi la mazira ovunda. Tizilombo tating'ono tinkandiluma m'khosi. Nditakhala kanthawi ndinayamba kuyang'ana mitengo, monga amachitira munthu wa makala kulikonse kumene ali. Kutsidya kwa kakhwalala kouma, pamalo okwererapo pang'ono, panali mitengo yoongoka ngati bango, yonenepa ngati mkono, yambirimbiri. Kwathu kuno yotere tinaimaliza kalekale. Ndinakumbukira nyumba yake imene ankaimanganso, makoma atatha koma denga likusowa mapaso. Ndinaganiza kuti akatuluka adzapeza mapaso ali m'bwato, n'kudziwa kuti mbuzi ya kuphiri nayonso ili ndi ntchito. Ndinatenga chikwanje n'kutsika.

Ndinati ndidula awiri. Mtengo wake ndi wolimba, wofiira mkati, ndipo chikwanje chikamalowa umamva kukoma m'dzanja. Ndinadula wachitatu. Kutsogolo ndinaona wina woongoka kuposa onse. Kwa nthawi yoyamba chifikireni m'dziko lawo ndinali kugwira ntchito imene ndimaidziwa, ndipo ndinaiwala kumene ndinali.

Madzi a kwathu akamabwera umawamva ali kutali, amalindima, amagubuduza miyala. Awa sanalankhule. Ndinangomva kuzizira m'kakolo. Nditayang'ana pansi, mapazi anga sankaoneka.

Ndinataya mapaso n'kuthamanga, ngati munthu angathamange m'matope. Kakhwalala kouma kaja kanali katasanduka mtsinje. Bwato ndinaliona. Linali litadzuka, likutembenuka pang'onopang'ono ngati ng'ombe imene yapeza khola lotsegula. Ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno, mpaka pachifuwa. Kusambira sindidziwa, mpaka lero. Bwato linalowa pokhota n'kubisika.

Ndinabwerera n'kumenya mtengo ndi chikwanje, koma mtengo wamoyo sulira ngati bwato. Pamenepo ndinachita chimene anandiletsa. Ndinakuwa dzina lake. Katatu, ndi mawu anga onse.

Palibe anayankha. Madzi atafika m'khosi ndinakwera mtengo n'kukhala pa mphanda. Anapitiriza kukwera mpaka kunyambita mapazi anga, kenako anaima. Nkhalango yonse inasanduka nyanja yokhala ndi masamba pamwamba. Kunali bata, dzuwa likuwala bwinobwino, mbalame yoyera itatera pa nthambi pafupi nane ikudzikonza nthenga. Ndinakhala pamenepo ndikudziuza kuti iye ndi mwana wa m'madzi, akudziwa chochita, madzulo andinyoza mpaka mudzi wonse useke.

Asodzi awiri obwerera kumudzi ndi amene anandipeza dzuwa litapendeka. Alamu tinawapeza mkati, nawonso ali mumtengo, dengu atalikoleka pa nthambi. Anali okha. Ali m'bwato anafotokoza kwa asodziwo, osati kwa ine. Anati madzi anawazindikira mochedwa, koma akanatha kukhala mumtengo onse awiri mpaka aphwe, poti anthu amatero. Kenako anamva dzina. Mwamuna wawo anati, "Shamwali ali m'mavuto, sadziwa kusambira." Anawakweza mumtengo, n'kulowa m'madzi kulunjika kumene tinasiya bwato. Pakati pake panali kamtsinje kamene madzi akamalowa amathamanga ngati akuthiridwa m'botolo.

Titafika pamchenga anthu anatizungulira. Amalume anabwera atafunda bulangete, akunjenjemera ndi malungo. Chichewa chawo chinali chochepa, koma mafunso awo ndinawamva.

"Mwini munda, munamanga?"

Ndikanatha kunena zoona pamenepo. Anali mawu amodzi okha. Ndinayang'ana nkhope zonse zija, anthu amene anandiphera bakha.

"Ndinamanga."

"Pamwamba? Chingwe chachitali?"

"Monga anandiuzira. Ndinangotsika kukadzithandiza. Pobwera ndinapeza lapita. Chingwe chiyenera kuti chinaduka."

Nkhalamba ija inakhala pansi pamchenga pomwepo. Inayang'ana manja ake, kuseri ndi kuno. "Chingwe chimenecho ndinapota ndine," inatero.

Alamu anali chiimire, matope atauma m'miyendo. Anandiyang'ana nthawi yoyamba chitsikireni mumtengo.

"Kugogoda sindinakumve, alamu," anatero motsitsa. "Ndinamva chikwanje."

"Mwina anali anthu ena," ndinayankha.

Sanabwerezenso mawuwo kwa ine, kapena kwa wina aliyense amene ndikumudziwa.

Thupi linapezeka tsiku lachitatu, litakodwa m'mizu kutali ndithu. Ndinakhala nawo maliro onse. Ndinathandiza kukumba manda mumchenga, amene amagumuka ukamakumba. Azimayi ankabwera kudzandipepesa ine, poti ndataya mnzanga kutali ndi kwathu. Amalume sanapotenso chingwe masiku onse amene ndinakhalako. Makoko a kokonati anangounjikana pansi pa mtengo wawo, ndipo anthu odzafuna zingwe ankabwerera chimanjamanja. Palibe anaganiza zokayang'ana ngati pa nthambi panatsala mfundo. Ankandikhulupirira. Tsiku lonyamuka anandisenzetsa mchere ndi nsomba zouma, ndipo alamu ndi amene anamanga mtolowo. Anaumanga bwino, osandiyang'ana.

Mkazi wanga ndinamuuza kuti mnzathu anamira, basi. Analira, poti ankagwirizana ndi alamu. Nsomba zija anadya ndi ana, ine ndinati zikundipweteka m'mimba. Kachigawo ka munda kaja sindinalimenso. Panamera tchire, ndipo ana anga amati ndi ulesi wa ukalamba. Makala ndinapitiriza kuotcha, poti ana ankafuna kudya, koma ndikapeza mtengo woongoka kwambiri ndinkaulambalala. Mpaka lero mayi akamagogoda mtondo ndi munsi kuti ufa utsike, ndimaimirira osadziwa. Adzukulu amaseka, amati agogo akuyesa kuti kwabwera alendo. Ndiponso sindikonda kuitana munthu dzina ali patali. Ndimayenda n'kukamugwira paphewa.

Kumeneko sindinabwerereko. Sindidziwa ngati alamu ali moyo. Amalume ayenera kuti anapita kalekale, akukhulupirira kuti chingwe chawo chinapha mwana wa mlongo wawo.

Zaka zonsezi ndayesa kudziweruza mofatsa. Kusamanga bwato kunali kupusa kwa munthu wa kumapiri. Kudula mapaso ndinkafuna kumusangalatsa. Kukuwa dzina anali mantha. Ngakhale bodza la pamchenga ndimatha kunena kuti linatuluka lokha, pakamwa pa munthu wozunguzika. Koma ndalumpha chinthu chimodzi, ndipo ndi chimene chandichititsa kugula kope ili. Chimenecho ndinachichita nditagona, nditadzuka, mutu uli bwinobwino.

M'mawa wa tsiku lotsatira ngoziyo tinalowanso m'mangali kukamufunafuna, mabwato atatu. Ine ndinakwera ndi asodzi awiri aja. Sitinapite patali, tinapeza bwato lathu litapanikizika pakati pa mizu, lopendekeka, muli madzi pang'ono. Poti m'matope ndinalibe phindu, anandiuza kuti ndilowemo ndizikapa madziwo, iwo n'kutsika kukayang'ana mkati wapansi.

Nkhafi inali pamalo pake. Ndinakweza chiguduli chija. Chingwe chinali pompo, chokulungidwa mmene iye anachikulungira, pamwamba pake pouma. Aliyense wochiona akanadziwa kuti sichinakhudze nthambi.

Mpeni ndinali nawo m'thumba, koma ndinadziwa kuti podula ndi mpeni pamaoneka. Pa mizu ya mitengo ija pamamatirira tizigoba takuthwa. Ndinamasula chingwe, n'kuyamba kuchikhutiza pa tizigobato, ndikuyang'ana kumene amuna aja analowera. Chinali chingwe chabwino. Chinanditengera nthawi, ndipo zala zinatuluka magazi. Chitaduka, chidutswa chinacho ndinachipondereza m'matope ndi nkhafi mpaka chinabisika. Chotsalacho ndinachiviika m'madzi kuti chinyowe, n'kuchisiya chikulendewera kunja kwa bwato.

Amuna aja atabwerera ndinawaonetsa nsonga yake.